Diso la ntchentche latiphunzitsa kupanga galasi losanyezimira, koma sopo akuliwononga

Mwezi watha ndinaperekeza mwana wa mchemwali wanga, wa Sitandade 5, kukayezetsa maso. Aphunzitsi ake anali atadandaula kuti mnyamatayu amatsinzinira akamayang'ana pa bolodi, ndipo notsi amakopera m'kope la mnzake. Atamuyeza anapeza kuti saona bwino patali, akufunika magalasi. Tili pa kauntala kusankha felemu, mtsikana wogulitsa anandifunsa mwaulemu: "Bambo, tikuikireni anti-glare? Ndi ya nano, yamakono." Atanditchulira mtengo wake ndinayamba ndapumira m'mwamba.

Funso limeneli makolo ambiri akukumana nalo masiku ano. Ena timavomera chifukwa cha manyazi, ena timakana chifukwa cha thumba, koma tonse osadziwa chimene tavomera kapena kukana. Mtsikanayo sananame. Chimene amagulitsa chilipodi ndipo chimagwira ntchito. Kungoti mawu akuti nano ayamba kumatidwa pa chilichonse, ndipo posachedwa abwera ndi mnzake wakuti "zachilengedwe", chifukwa akatswiri a sayansi ku Ulaya, ku America ndi ku Asia akuphunzira kupanga galasi losanyezimira pogwiritsa ntchito mapuloteni ndi DNA, potengera mmene tizilombo touluka timapangira maso awo. Kafukufukuyu ine ndimamuyamikira, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Koma galasi lotere lisadzatitengere ndalama lisanapambane mayeso amodzi: kupukutidwa ndi yunifomu ya mwana tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu.

Tiyambe ndi chimene chimachititsa galasi kunyezimira. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo kukachoka mumpweya n'kulowa m'galasi kumachepetsa liwiro mwadzidzidzi. Pa malire pamenepo kuwala kwina kumalowa, kwina kumabwerera. Pa galasi wamba, magawo 4 pa 100 alionse amabwerera polowa, ndipo ena 4 amabwerera potuluka kuseri. Ndiye kuti mwana wovala magalasi osapaka kanthu amataya pafupifupi magawo 8 pa 100 a kuwala. Si zambiri, diso limazolowera. Chosautsa ndi komwe kuwala kobwererako kumapita. Usiku nyali za galimoto zimathobwa m'maso n'kumaoneka ziwiriziwiri, ndipo pa chithunzi maso a mwana amabisika kuseri kwa madontho oyera.

Vuto limakula magalasi akachuluka. Maikulosikopu ya ku labotale, yomwe amaonera tizilombo ta malungo ndi ta TB, ili ndi magalasi angapo osanjikizana. Kuwala kukadutsa malire 10 osatetezedwa, gawo limodzi mwa magawo atatu limakhala latayika, ndipo lotayikalo limangozungulira mkati n'kuchititsa chithunzi kuoneka ngati muli nkhungu. Ku sola n'chimodzimodzi. Silikoni, chimene chimasandutsa dzuwa kukhala magetsi, chikakhala chosapaka kanthu chimabweza kuwala koposa magawo 30 pa 100. Mtundu wabuluu kapena wakuda umene mumauona pa sola ya pa denga la chipatala, ija imayendetsa firiji ya katemera, umabwera chifukwa cha zimene anapakapo ndi mmene anaikonzera pamwamba kuti kuwala kusathawe.

Njira yothetsera vutoli si ya lero. Mu 1886, Lord Rayleigh wa ku England anadabwa kuona kuti galasi lakale, lomwe lachita ngati dzimbiri pamwamba, limadutsitsa kuwala kwambiri kuposa latsopano lopukutidwa bwino. Mu 1935, Alexander Smakula wa ku kampani ya Carl Zeiss ku Germany anapeza njira yopakira dala kakhungu kopyapyala kotere, ndipo kwa zaka zingapo inali chinsinsi cha asilikali. Ku America, mayi Katharine Blodgett a ku General Electric anaonetsa galasi lawo losanyezimira mu 1938.

Kakhungu kameneka n'kopyapyala motani? Tengani milimita imodzi pa lula ya mwana wanu, muidule m'magawo 1 miliyoni. Gawo limodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa manomita pakati pa 50,000 ndi 100,000, pomwe funde limodzi la kuwala komwe timaona limatalika manomita 400 mpaka 700. Kakhungu ka pa galasi kamakhala ka manomita pafupifupi 100. Kuwala kwina kumabwerera pamwamba pa kakhunguko, kwina pansi pake, ndipo mafunde awiriwa amakumana lina likukwera linzake likutsika, n'kufafanizana. Kamtundu kobiriwira kapena kofiirira komwe mumakaona pa magalasi a anti-glare ndi kotsalira komwe sikanafafanizike.

Choncho mawu akuti nano a mtsikana uja anali oona, koma chinthucho ndi cha m'zaka za m'ma 1930 chomwe chakhala chikukonzedwa bwino. Chimadula chifukwa cha kapangidwe. Magalasi amaikidwa m'chimakina chotsekeka, amachotsamo mpweya wonse, kenako amatenthetsa mankhwala mpaka asanduke nthunzi yomwe imakatera pa galasipo. Makinawo ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osathimathima ndi chipinda chopanda fumbi.

Gulugufe wa usiku alibe makina

Mu 1962, Carl Gustaf Bernhard wa ku Karolinska Institute ku Sweden ndi mnzake William Miller anayang'ana diso la tizilombo touluka usiku pa maikulosikopu yamphamvu ya ma elekitironi. Anapeza kuti pamwamba pa diso la gulugufe wa usiku, uja amazungulira nyali pakhonde, si posalala. Pali tinsonga tambirimbiri tofoleredwa mwadongosolo, totalika manomita pafupifupi 200 ndiponso totalikirana pafupifupi chimodzimodzi. Popeza tinsongati n'tating'ono kuposa funde la kuwala, kuwalako sikutizindikira kamodzikamodzi. Kumangomva ngati mpweya ukusanduka diso pang'onopang'ono, popanda malire adzidzidzi aja.

Amene munafikako kunyanja mukuzidziwa izi. Funde likagunda thanthwe loima chilili limabwerera, koma likafika pa gombe la mchenga lotsetsereka limangozilala. Galasi losalala ndi thanthwe, diso la gulugufe ndi gombe. Ubwino wake njira imeneyi imagwira ntchito pa mitundu yonse ya kuwala, ngakhale kochokera cham'mbali, pomwe kakhungu kamodzi kopakidwa kamagwira bwino pa mtundu umodzi. Akatswiri ambiri amaganiza kuti izi zimathandiza gulugufeyo kuona mumdima komanso kuti maso ake asamawale n'kumuulula kwa adani.

Anthu anayesa kukopera. Mu 1973, Clapham ndi Hutley ku Britain anapanga tinsonga totere pogwiritsa ntchito kuwala kwa leza, ndipo mu 2012 kampani ya Sharp ya ku Japan inatulutsa ma TV okhala ndi khungu lotengera diso la gulugufeyu. Koma taganizirani ntchito yake. Pa malo a sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ngati chikhadabo chanu, pamafunika tinsonga pafupifupi 2.5 biliyoni. Kuti muzisema kamodzikamodzi n'zosatheka. Kuti muzidinda ndi chikombole, chikombolecho chimafuna makina odula kuposa aja oyamba. Pamenepo gulugufe amapanga zake m'chikwa, pa tsamba, popanda magetsi.

Chinsinsi chake ndi chakuti zinthu za m'thupi la chamoyo zimadziwana. Puloteni ina imazindikira mnzake mmodzi yekha pakati pa zikwizikwi, n'kumugwira osamutaya. Mukaziika m'madzi zimafunana zokha n'kudzifola zokha. Mmalo moti munthu aziika tinthu ting'onoting'ono pamalo pake, amangotipatsa manja oti tigwirane.

Inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, musaone ngati izi n'zakutali. Mumaziona sabata iliyonse pa kachipangizo koyezera malungo. Mukadontheza magazi ndi timadzi tija, magaziwo amayenda m'kapepala mkati n'kukumana ndi timibulu ta golide ta manomita pafupifupi 40. Golide akachepa chonchi saoneka wachikasu, amaoneka wofiira. Kambulu kalikonse kanyamula ma antibody, mapuloteni a chitetezo cha m'thupi, omwe amazindikira puloteni yotchedwa HRP2 yomwe imatulutsidwa ndi kachilombo ka malungo ka Plasmodium falciparum. Ngati HRP2 ilimo m'magazimo, antibody imaigwira. Kutsogolo pang'ono kuli ma antibody ena omatidwa pa kapepalako mumzere, ndipo amagwira HRP2 yomweyo mbali ina. Timibulu ta golide timaunjikana pamenepo, mzere n'kuoneka. Mzere umene umakuuzani kuti mwana ayambe LA ndi timibulu mamiliyoni tomwe tafoleredwa ndi mapuloteni m'mphindi 15 kapena 20, pansi pa mtengo, popanda magetsi. Akatswiri ofuna galasi losanyezimira akufunsa funso losavuta: ngati mapuloteni angafole golide mumzere, angalephere kufola timibulu ta galasi pa galasi lonse?

Manja amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'malabotale anapezeka m'dzira. Mbali yoyera ya dzira laliwisi ili ndi puloteni yotchedwa avidin, yomwe imagwira vitamini B7, dzina lake lina biotin, mwamphamvu kwambiri moti kugwirana kwawo kuli m'gulu la kolimba zedi komwe kumadziwika pakati pa puloteni ndi kanthu kakang'ono. Ili ndi m'bale wake, streptavidin, wochokera ku bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Streptomyces avidinii. Iliyonse ili ndi manja anayi, ndiye ikhoza kugwira biotin wa pansi ndi dzanja lina, wa pamwamba ndi linzake. Mukamata biotin pa galasi, n'kuliviika m'madzi a streptavidin, kutsuka, n'kuliviikanso m'madzi momwe muli timibulu ta silika tovekedwa biotin, timibuluto timamatirira pagalasipo. Pakati pa timibuluto pamatsala mipata ya mpweya, choncho kuwala kumakumana ndi khungu lomwe ndi theka galasi theka mpweya. Gombe lija layamba kupangika, m'beseni la madzi.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani ya biotin ikukhudza zinthu ziwiri za pakhomo. Munthu wodya mazira aawisi ambiri kwa nthawi yaitali akhoza kusowa biotin m'thupi, chifukwa avidin imamugwira m'matumbo asanalowe m'magazi. Kuphika kumaithetsa mphamvu avidin, ndiye ana apatseni mazira ophika. Chachiwiri, makina ambiri oyezera magazi amagwiritsa ntchito kugwirana kumeneku. Mu 2017 bungwe la FDA la ku America linachenjeza kuti mapiritsi a biotin wambiri, omwe ena amamwa pofuna tsitsi ndi zikhadabo zokongola, akhoza kusokoneza zotsatira za mayeso ena, kuphatikizapo a mtima ndi a chithokomiro. Ngati mumamwa mapiritsi otere, auzeni a dokotala asanakutengeni magazi.

Manja ena ndi DNA. Zilembo zake zinayi zimayenda ziwiriziwiri, A ndi T, G ndi C, moti kachingwe ka DNA kamagwira kokha kachingwe komwe zilembo zake zikuyenderana nako. Zili ngati kulemba keyala pa kambulu kalikonse. Mu 1996 magulu awiri a ku America, la Chad Mirkin ndi la Paul Alivisatos, anaonetsa kuti timibulu ta golide tikhoza kulumikizidwa ndi DNA, ndipo mu 2006 Paul Rothemund wa ku Caltech anapinda DNA n'kupanga tinkhope tomwetulira ta manomita pafupifupi 100. Luso lake n'lodabwitsa, koma mtengo wa DNA yopangira dala sulola kuti upakire sola ya denga lonse.

Puloteni ndi phula ku Geneva

Ntchito imene inandigwira mtima kwambiri inatuluka mu 2020 m'magazini ya Nature, kuchokera ku gulu la Vladimir Katanaev wa ku University of Geneva ku Switzerland, ndi Mikhail Kryuchkov. Iwo sanayambe ndi kukopera maonekedwe a diso. Anafunsa kuti kachilomboko kamapanga bwanji. Anagwiritsa ntchito Drosophila, tintchentche tating'ono tija timaunjikana pa nthochi zakupsa, tomwe maso awo alinso ndi tinsonga. Anapeza kuti zofunika ndi zinthu ziwiri zokha: puloteni yotchedwa retinin, ndi phula. Retinin ikagwirana ndi phula imasintha kapindidwe kake, ndipo ziwirizi zimakokana, chimodzi chikulimbikitsa tinsonga kumera, chinzake chikuletsa. Kukokanako ndi komwe kumabala dongosolo. Katswiri wa masamu Alan Turing analongosola kale mu 1952 kuti zinthu ziwiri zokokana chonchi zikhoza kubala mizere ndi mawanga, ngati a mbidzi ndi a nyalugwe.

Kenako anatsimikiza kuti amvetsadi. Anasintha bakiteriya kuti azipanga retinin, anasakaniza retinin yo ndi phula logulidwa wamba, n'kupaka pa galasi ndi pa pulasitiki. Tinsonga tinamera tokha. Khungu lomwe linapangika linachepetsa kunyezimira, komanso zinthu sizinkamatirirapo msanga, ndipo posintha kuchuluka kwa zosakanizazo ankatha kusintha maonekedwe a tinsongato.

Apa ndi pomwe pali chiyembekezo chenicheni, ndipo si kuti galasi lidzawala kuposa la Zeiss. Chiyembekezo chili pa mtengo ndi malo opangira. Bakiteriya amaswana m'thanki ngati yofululira, monga mmene insulin ya anthu a matenda a shuga imapangidwira masiku ano. Phula si chinthu chosowa. Kupakako kumachitika m'madzi, popanda kutentha kwambiri, popanda chimakina chochotsa mpweya, ndipo madzi amafika paliponse, pokhota ndi pobowoka pomwe. Ngati njira yotere itakhwima, kampani yaing'ono ikhoza kumapaka yokha magalasi mmalo moitanitsa opakapaka kunja. Kwa dziko limene limagula ndi ndalama zakunja pafupifupi chipangizo chilichonse cha m'chipatala, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Koma akatswiri a ku Geneva omwewo ananena chilungamo. Khungu lawo linapirira kukhala m'madzi kwa maola 20, koma sopo ndi kukanda zinkaliwononga mosavuta. Ananena kuti likhoza kulimbitsidwa m'tsogolo. Ine ndikuwakhulupirira, koma ndikuti tiziwerenga chiganizo chimenechi mofatsa, chifukwa moyo wa galasi m'manja mwa mwana ndi sopo ndi kukanda basi.

Amene mumasunga zipangizo zoyezera malungo mukudziwa kufooka kwa puloteni. Kachipangizo kalikonse kamabwera m'kathumba kosalowa mpweya, muli ndi kapaketi koyamwa chinyezi, pali tsiku lothera ntchito, ndipo mumauzidwa kuti musasiye katoni padzuwa kapena pafupi ndi malata otentha. Mukakatsegula kamagwira ntchito kamodzi kwa mphindi 20, n'kutayidwa. Tsono sola imayembekezeredwa kukhala pa denga zaka 20 kapena kuposerapo, kudutsa Okutobala wa ku Nsanje, mvula, fumbi ndi zitosi za mbalame. Puloteni imaopa kutentha, imaopa kuwala kwa dzuwa, ndipo kwa nkhungu ndi bakiteriya ndi chakudya.

Palinso vuto lina lomwe silisamala kuti tinsonga tapangidwa ndi chiyani. Gombe lija limagwira ntchito chifukwa cha mpweya umene uli pakati pa tinsongato. Mafuta a chala akalowa m'mipatamo n'kudzaza, gombe limasandukanso thanthwe, ndipo kuwachotsa popanda kuthyola tinsonga n'kovuta. Gulugufe wamkulu amakhala masiku kapena masabata ochepa, diso lake silifunika kulimba zaka. Mwana wathu amadya mandasi pa buleki n'kugwira magalasi.

Yankho lomwe likuoneka lanzeru ndi lakuti puloteni kapena DNA igwire ntchito ngati chikombole chokha, kenako chinthu cholimba chilowe m'malo mwake. Mu 2018 akatswiri a ku China ndi ku America anaonetsa kuti zinthu zopindidwa ndi DNA zikhoza kukutidwa ndi silika n'kulimba kwambiri, osataya maonekedwe ake. Chilengedwe chinayamba kale: tizomera tosaoneka ndi maso totchedwa diatom, topezeka m'nyanja ngati yathu ya Malawi, timamanga zigoba zawo za galasi mothandizidwa ndi mapuloteni. Kusiyana kwake kuli ngati kwa zidina ndi njerwa zootcha. Zonse zimachoka m'chikombole chimodzi, koma dikirani mvula ya Januwale. Zomwe tili nazo lero m'malabotale zambiri ndi zidina. Ndipo kuotcha kukadzafuna makina odula, phindu la kutsika mtengo lija likhoza kuthera pomwepo.

Wina anena kuti, ndiye mukutitayiranji nthawi? Kuno tikulimbana ndi kolera, kusowa kwa mankhwala ndi ana onyentchera, inu mukukamba za diso la ntchentche ku Switzerland. Ndikumva, ndipo sindinena kuti boma lichotse ndalama ku katemera kuti likagule phula. Koma kumbukirani kumene kunachokera kachipangizo ka malungo kaja. Michael Faraday ankasewera ndi madzi ofiira a golide ku London mu 1857, osadziwa kuti adzathandiza ndani. Mu 1971 akatswiri anayamba kumata ma antibody pa timibulu ta golide kuti aziona bwino zinthu pa maikulosikopu. Zoyezera malungo mwachangu zinayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuno kwathu zinafalitsidwa m'zipatala mu 2011. Amene anagwira ntchito zaumoyo chisanafike chaka chimenecho akukumbukira kuti mwana aliyense wotentha thupi ankangopatsidwa mankhwala a malungo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene ndikukana ndi kulipira lero chinthu chimene chidzapsa mawa.

Chenjezo lomweli likhudzanso mawu ena omwe adzabwera limodzi ndi awa, akuti "chimapha majeremusi chokha". Nawonso ali ndi maziko. Mu 2012 gulu la Elena Ivanova ku Swinburne University ku Australia linapeza kuti mapiko a nyenje ya kumeneko, omwe ali ndi tinsonga tofanana ndi ta diso la gulugufe ndipo sanyezimira, amang'amba khungu la bakiteriya wa Pseudomonas aeruginosa akaterapo. Atawakuta mapikowo ndi golide ankaphabe, kusonyeza kuti chopha ndi tinsonga, osati mankhwala. Koma mabakiteriya a khungu lolimba sankafa chimodzimodzi, ndipo tinsonga tikakwiririka ndi litsiro sitingalase kanthu. Wina akadzabwera ku komiti ya chipatala ndi zomata pa zitseko kapena pa matebulo n'kumati simudzafunikanso kupukuta ndi kolorini, mudzamufunse anayesa pa tizilombo titi, kwa nthawi yaitali bwanji, komanso atatsuka kangati.

Nanga kholo lili pa kauntala lichite chiyani? Choyamba ndi mphamvu yoyenera ya galasi, yoyezedwa ndi munthu wophunzira ntchitoyo, osati yosankha pa msika poyesa awa ndi awo. Lipoti la World Health Organization la 2019 linati anthu osachepera 2.2 biliyoni padziko lapansi ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwo osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapewedwa kapena silinathandizidwe. Ambiri mwa amenewa akusowa magalasi wamba. Mwana amene saona pa bolodi amataya zambiri kuposa magawo 8 pa 100 aja. Mavolontiya, mukaona mwana wotsinzinira, woyandikitsa buku kumphuno kapena wodandaula mutu akaweruka, mutumizeni kukayezetsa. Kumeneko ndi komwe kuli phindu lalikulu, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Anti-glare ya m'masitolo lero ndi ya njira yakale ija ya chimakina, mulibe puloteni kapena DNA. Imathandiza kwambiri oyendetsa galimoto usiku ndi amene magalasi awo ndi amphamvu kwambiri, chifukwa mapulasitiki opyapyala opangira magalasi otere amabweza kuwala kwambiri kuposa wamba. Si mankhwala. Siichiritsa diso ndipo siiletsa vuto la kusaona patali kukula. Musaisokonezenso ndi magalasi otchinga kuwala kwa buluu kwa mafoni: mu 2023 bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku 17 silinapeze umboni woti magalasi amenewo amachepetsa kutopa kwa maso. Mukasankha kulipira, funsani ngati pali chitsimikizo cholembedwa choti akasupuka adzakusinthirani, komanso cha miyezi ingati. Wogulitsa amene amakhulupirira katundu wake saopa kulemba.

Kasamalidwe n'kosavuta koma timakaphonya. Tsukuluzani magalasi ndi madzi ozizira kaye kuti mchenga uchoke, kenako kasopo pang'ono ka madzi, n'kupukuta ndi kansalu kofewa koyera. Madzi otentha ndi kuwasiya padzuwa m'galimoto zimang'alula kakhungu kaja. Sola ya pa chipatala muziitsuka m'mawa kapena madzulo isanatenthe, ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa. Phulusa, mchenga ndi sitiliwulu n'za mapoto. Fumbi lokhuthala la m'chilimwe likhoza kudya magetsi ambiri kuposa omwe khungu lililonse lamakono lingabweze, ndipo chidebe cha madzi sichifuna ndalama zakunja.

Za mnyamata uja, ndinamufunsa mtsikanayo kuti chitsimikizo chake n'cha nthawi yaitali bwanji ngati wovala ndi mwana wa zaka 11 wokonda mpira. Anaseka n'kunena kuti kwa ana zimavuta. Tinatenga magalasi olimba ku zokanda, opanda anti-glare. Ndalama yotsalayo tinagula kabokosi kolimba kosungiramo, ina tinasungira thiransipoti yodzamuyezetsanso chaka chamawa. Tikutuluka anaima pakhomo n'kuyamba kuwerenga mokweza zikwangwani za tsidya lina la msewu. Tisanafike pa siteji ya minibasi anali atawavula kale kawiri n'kuwapukuta ndi malaya.